Gitala Yaukali ya Kuseri kwa Mchinji

M'chaka cha 1975 Lilongwe inali fumbi lokhalokha. Likulu la dziko linali litangosamuka ku Zomba, ndipo kumpoto kwa tauni yakale, kumene kunali midzi ndi minda, kunkamera maofesi a maunduna pa Capital Hill ndi misewu yotambalala ya City Centre. Kalembera wa 1966 anapeza anthu osakwana 20,000 m'tauniyi, koma pofika 1977 anali atayandikira 100,000. Omanga nyumba, akalaliki, apolisi ndi ogulitsa malonda ankatsikira pa depoti ya mabasi ku Old Town ndi katundu pamutu, aliyense kufunafuna pogona ku Kawale, ku Mchesi kapena ku Falls.

Chaka chomwecho cha 1975, kuseri kwa chipata cha Mchinji, anyamata a ku Zambia anatulutsa zimbale zitatu zimene lero anthu osunga nyimbo zakale ku London ndi ku Los Angeles amalimbirana: Lazy Bones!! cha gulu la WITCH, Africa cha Amanaz ndi Wings of Africa cha Musi-O-Tunya. Chaka chotsatira, mnyamata wa ku Lusaka wodziwika ndi dzina loti Paul Ngozi anatulutsa Day of Judgement, chimbale cha gitala yamagetsi yolira mokalipa ndi ng'oma zosapumira. Imodzi mwa nyimbo zake inali ndi mutu woti "Kumanda Kwa Bambo Wanga". Munthu wa ku Mchesi akanaimva yonse popanda womasulira.

Masiku ano mnyamata wa ku Area 10 kapena ku Area 43 akatsekera kuchipinda n'kuyatsa nyimbo za metal, akuluakulu amati ndi phokoso la azungu, ndipo ena amafika ponena kuti ndi zausatana. Komatu gitala yolemera inaimbidwapo m'Chinyanja zaka pafupifupi 50 zapitazo, ndi anthu amene nthawi zambiri ankalipira situdiyo ndi ndalama za m'thumba mwawo. Chodabwitsa n'chakuti nyimbozo sizinamere mizu tsidya lino la malire amene mabasi, fodya ndi maukwati zinkawoloka tsiku ndi tsiku.

Kumene phokosoli linachokera

Ambiri amati metal inabadwira mu mzinda wa mafakitale wa Birmingham ku England, pamene gulu la Black Sabbath linatulutsa chimbale chake choyamba mu 1970. Chinsinsi chake chinali kukweza mphamvu ya chokuzira mawu mpaka gitala itasasa mawu, kenaka n'kubwereza kachidutswa kamodzi kolemera mpaka kakhazikike m'chifuwa mwa womvera. Mawu a nyimbo nawonso anasiya za chikondi n'kuyamba kukamba za imfa, nkhondo ndi mizimu.

Mu 1976, chaka chimene Paul Ngozi ankaimba za tsiku lachiweruzo, gulu la Rainbow linatulutsa chimbale cha Rising. M'menemo Ronnie James Dio anaimba nthano ya mfiti imene inagwiritsa anthu ukapolo kuti aimangire nsanja youlukirapo. Apa ndi pamene panaphukira nthambi imene pambuyo pake inatchedwa power metal: ng'oma zothamanga, magitala awiri oyenda limodzi mogwirizana, woyimba wa mawu okwera ndi omveka bwino, ndi makolasi oti khamu lonse liyimbire limodzi. Gulu la Helloween la ku Hamburg linakhazikitsa maimbidwewa ndi zimbale ziwiri za Keeper of the Seven Keys mu 1987 ndi 1988. Rhapsody ya ku Trieste inayamba mu 1997 kusimba nthano imodzi yaitali yodutsa m'zimbale zingapo, ndipo Blind Guardian inatenga nkhani za m'buku la J.R.R. Tolkien n'kupanga Nightfall in Middle-Earth mu 1998. Mafumu, malupanga, zinjoka ndi maulendo a ngwazi ndiye chakudya cha nyimbo zimenezi. Lero magulu ang'onoang'ono ambirimbiri amajambula zimbale zotere pa kompyuta kunyumba n'kuzigulitsa okha pa Bandcamp, popanda kampani iliyonse.

Anyamata a ku Zambia sanaimbe power metal, chifukwa m'masiku awo inali isanabadwe. Koma anamwa pa chitsime chomwecho. Ankamvera Jimi Hendrix, Black Sabbath, Deep Purple, Rolling Stones ndi James Brown, n'kusakaniza zimenezo ndi magundidwe a ng'oma za kwawo. Muulutsi wa pa wailesi, Mannasseh Phiri, amene pambuyo pake anadziwika ngati dokotala wolimbana ndi Edzi, ndiye amatchulidwa kuti anapatsa maimbidwewa dzina loti Zamrock.

Mkuwa, wailesi ndi pulezidenti woimba gitala

Nthaka inali itakonzedwa kale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1940, wailesi ya Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'zinenero zawo, kuphatikizapo Chinyanja. Mu 1949 kunabwera kawailesi kotchipa ka mabatire kotchedwa Saucepan Special, kamene kankagulidwa mapaundi asanu, ndipo kanalowa m'midzi ndi m'makomboni. Mawu a Alick Nkhata, woyimba komanso muulutsi, ankamveka kuyambira ku migodi ya Kitwe mpaka m'midzi ya ku Nyasaland. Lusaka yeniyeniyo, imene inakhala likulu mu 1935, inkalankhula Chinyanja chifukwa cha apolisi, asilikali ndi antchito ochokera kum'mawa, ena a ku Fort Jameson, ena a kwathu konkuno.

Zambia italandira ufulu pa 24 October 1964, inali ndi chuma chimene Malawi inalibe. Mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, migodi inkalemba anthu masauzande, ndipo m'matauni a Kitwe, Ndola, Chingola ndi Mufulira munali maholo, makalabu a antchito a m'migodi ndi masitolo ogulitsa zimbale zochokera ku England. Mwana wa wogwira ntchito mu mgodi ankatha kuona gitala yamagetsi ndi maso ake, n'kuikhudza. Magulu ankayamba ndi kubwereza nyimbo za azungu m'mahotela, kenaka n'kuyamba kupeka zawo.

Kenneth Kaunda, amene bambo ake David Kaunda anachokera ku Nyasaland kukalalikira ku Lubwa, nayenso ankaimba gitala. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 analamula kuti pa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma, 95 zikhale za m'dzikomo. Cholinga chake chinali kutukula chikhalidwe cha makolo. Zotsatira zake zinali zina: wailesi inasowa nyimbo zokwanira kudzaza tsiku, ndipo aliyense amene anali ndi chimbale anapeza khomo lotsegula. Anyamata a mathalauza otambalala kumunsi ndi nsapato zazitali zidendene anakhala oyimba a fuko mwalamulo.

Ntchito yodzipangira chimbale

Kupanga chimbale masiku amenewo inali ntchito ya thukuta. Gulu la WITCH, lochokera ku Kitwe, linajambula chimbale chake choyamba, Introduction, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mu situdiyo ya Malachite ku Chingola, imene kwenikweni inali yojambulira mafilimu a makampani a migodi. Tepi inatengedwa ulendo wa ku Nairobi kumene kunali makina odindira zimbale, ndipo zimbalezo zitabwera, anyamatawo ankazigulitsa okha kumene akuimba. Woyimba wawo, Emmanuel Chanda, ankadumphadumpha pa siteji moti anthu anamupatsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger. Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga inachita kusamukira ku Kenya komweko kwa kanthawi, ndipo Wings of Africa inajambulidwa ku Nairobi.

Pang'ono ndi pang'ono malonda anakhazikika. Ku Ndola, Edward Khuzwayo anali ndi kampani ya Zambia Music Parlour imene inkatulutsa ndi kugulitsa zimbale za magulu ambiri. Mu mzinda womwewo munali kampani ya Teal, imene inkadinda zimbale ndipo inkabwereketsa magulu ena ndalama zogulira zida. Ku Lusaka kunali DB Studios. Ngakhale zinali choncho, zambiri zinkajambulidwa mothamanga, gulu lonse likuimba nthawi imodzi, cholakwika chilichonse n'kutsalira momwemo. Ukali umene anthu akunja amausirira lero m'nyimbozi, mbali ina unabwera chifukwa cha zida zotopa ndi nthawi yochepa ya mu situdiyo.

Amene anafika pamapeto penipeni pa kudziimira payekha anali Keith Mlevhu. Iyeyu ankaimba yekha gitala, besi, ng'oma ndi mawu, n'kuzisanjikiza pa tepi chimodzi pamwamba pa chinzake, ndipo anayambitsa chizindikiro chakechake cha zimbale chotchedwa Mac Bullet. Zimene mnyamata wa lero amachita ndi laputopu, Mlevhu ankazichita mu 1976 ndi tepi yozungulira.

Mwana wa ku Chibolya

Paul Ngozi, amene dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo, anabadwa mu 1949 ndipo anakulira ku Chibolya, komboni ya ku Lusaka imene mbiri yake ya uchifwamba ndi chamba ndi yodziwika mpaka lero. Anaimbako ndi Musi-O-Tunya ku Kenya, kenaka anabwerera kwawo n'kuyambitsa gulu la Ngozi Family, la anthu ochepa: iye pa gitala, Chrissy Zebby Tembo pa ng'oma, ndi woimba besi. Pa siteji ankaluma nsambo za gitala ndi mano, monga ankachitira Hendrix. Mwa magulu onse a Zamrock, lake ndilo linali lolemera kwambiri, ndipo aliyense womvera Day of Judgement amamva msanga kuti mwini wake ankadziwa bwino zimbale za Black Sabbath.

Koma chimene chinamusiyanitsa ndi anzake chinali lilime. Magulu a ku migodi ankaimba kwambiri m'Chingerezi, apo ndi apo m'Chibemba. Ngozi ankasakaniza Chingerezi ndi Chinyanja cha m'makomboni a Lusaka, chosapita kusukulu, cholankhulidwa pa mpopi ndi pa shabini. Mitu ya nyimbo zake imaonetsa zimenezi: "Tikondane", "Atate", "Nizakupanga Ngozi". Chimbale cha 45,000 Volts cha 1977 ndi The Ghetto zinakamba za umphawi, miseche ya anansi, kuledzera kwa makolo ndi ana osiyidwa okha.

Pambali pa za moyo wa m'komboni, panali mdima wina umene oyimba a metal kulikonse amaukonda. Ngozi anaimba za manda, za chiweruzo chomaliza, ndi za nyumba yoopsa mu nyimbo ya "House of Fear". Chrissy Zebby Tembo, mothandizidwa ndi gulu lomwelo, anatulutsa chimbale chakechake chotchedwa My Ancestors, chokhala ndi nyimbo ya mmisiri wokhoma mabokosi a maliro. Mzungu wa ku Hamburg ankafunika kutsegula buku la nthano kuti apeze mzukwa woti aimbe. Kwa mnyamata wa ku Chibolya, mizimu ya makolo, maloto oipa ndi kukayikirana za ufiti zinali nkhani za pakhomo, zimene amayi ankanong'onezana pamaliro. N'chifukwa chake mantha a m'nyimbo zake samveka ngati sewero.

Tsidya lino: lumo ndi Censorship Board

Mayiko onse awiri anali a chipani chimodzi. Malawi inayamba mu 1966, Zambia inatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kusiyana kunali pa zimene atsogoleri ankaopa. Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, ankaona tsitsi lalitali, masiketi aafupi ndi nyimbo za achinyamata a ku Ulaya ngati matenda oyenera kutsekeredwa pa chipata.

Mu 1968 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lounika zosangalatsa, limene linabala Censorship Board. Bungweli linkaona mafilimu, mabuku, masewero ndi zimbale zisanafike kwa anthu, ndipo malo ochitirako zoimbaimba ankafunika chilolezo. Nyimbo ya "Cecilia" ya Simon ndi Garfunkel inaletsedwa chifukwa dzinalo linali la Mama Cecilia Kadzamira. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'mawondo. Amuna nawo analetsedwa kusunga tsitsi lalitali ndi kuvala mathalauza otambalala kumunsi, ndipo alendo ofika ndi tsitsi lofika m'mapewa ankakumana ndi lumo pa bwalo la ndege kapena pa malire. Jagari ndi Ngozi, mmene ankaonekera pa zikuto za zimbale zawo, anali chithunzi chenicheni cha zonse zimene ayufi ankasaka m'misika.

Lamulo silinali chopinga chokha. Malawi inalibe migodi yolipira malipiro a mwezi kwa anthu masauzande, ndipo anyamata amphamvu ambiri ankapita ku Joni kudzera ku Wenela. Zida zamagetsi zinali m'manja mwa mahotela, mipingo, apolisi, asilikali ndi wailesi. MBC, imene inayamba mu 1964, inali wailesi yokhayo m'dziko, ndiponso malo aakulu ojambulirako nyimbo. Kanema wa dziko anadzabwera mu 1999. Woyimba amene MBC sinamufune analibe kwina kolowera. Mawu amene anakula m'nyengo imeneyo anali a gitala yopanda magetsi ya Daniel Kachamba wa ku Chileka, banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, makwaya, ndi nyimbo za mbumba zotamanda Ngwazi. Zinali nyimbo zaluso lalikulu, koma zosaopseza munthu wa pampando.

Mamangidwe a Lilongwe nawonso sanathandize. Bungwe la Capital City Development Corporation, limene linakhazikitsidwa mu 1968 ndipo linayamba ntchito ndi ngongole yochokera ku South Africa, linagawa mzinda m'madera otalikirana, olekanitsidwa ndi nkhalango ndi madambo. Akuluakulu a boma ndi akazembe anapatsidwa mapuloti aakulu ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, antchito wamba ku Area 18 ndi Area 25, pamene malonda ndi moyo wa usiku zinatsalira ku Old Town. City Centre inkafa ikangokwana 5 koloko madzulo. Ana a m'nyumba zimene munali galamafoni ndi zimbale zakunja ankakhala makilomita ambiri kutali ndi anyamata a m'makomboni amene anali ndi njala yoimba. Ku Kitwe magulu awiriwa ankakumana mu holo ya mgodi. Ku Lilongwe, bandi yamagetsi inkapezeka ku Lilongwe Hotel kapena ku Capital Hotel, itavala mwaulemu, ikuimbira alendo nyimbo zofewa.

Sikuti kunalibiretu ofuna rock. Wambali Mkandawire, amene dziko limamukumbukira ndi jazz ya Chitumbuka, anayamba ngati woyimba wa gulu la Pentagon ku Blantyre m'zaka za m'ma 1970, likuimba nyimbo za kumadzulo ndi kuzisakaniza ndi za kuno. Gululo silinakhalitse chifukwa cha kusowa ndalama, ndipo Wambali anatembenukira ku nyimbo zauzimu. Magulu amene anadzatchuka pambuyo pake, monga Kalimba ndi Makasu, anatsata reggae ndi maimbidwe ena ofatsa.

Kuzima kwa magetsi ku Lusaka

Ku Zambia nako chikondwerero sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa kwambiri mu 1975, mafuta anakwera, ndipo kwacha inayamba kuchepa mphamvu. Munthu amene ankagula chimbale pa malipiro a mwezi anayamba kuima pamzere wa ufa ndi sopo. Nsambo za gitala, zokuzira mawu ndi zipangizo zodindira zimbale zinkachokera kunja, ndipo ndalama zakunja zinasowa.

Kenaka kunabwera nkhondo. Chifukwa Kaunda ankasunga omenyera ufulu wa Zimbabwe, asilikali a Rhodesia anayamba kuphulitsa misasa mkati mwa Zambia. Mu October 1978 anaukira msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndi wina ku Mkushi, kumene Alick Nkhata, mawu akale a pa wailesi aja, anaphedwa ali pafupi ndi famu yake. Boma linkalamula anthu kukhala m'nyumba ndi kuzimitsa magetsi usiku. Gulu lodalira madansi a usiku linkayenera kusankha pakati pa kuimba masana kwa anthu ochepa kapena kutsekera anthu mu holo mpaka m'mawa. Eni mabala anaona kuti disco ya munthu mmodzi ndi yotchipa kuposa bandi ya anthu asanu. Makaseti okopera mwakuba anadya malonda a zimbale, ndipo makutu a anthu anatembenukira ku kalindula ndi rumba ya ku Zaire.

Chomaliza chinali Edzi. Matendawa anasesa oyimba a m'badwo umenewo mochititsa mantha. Mu 1987 Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake Masuzyo anamwalira nawo, pa nthawi imene atsogoleri ambiri, kuphatikizapo a kuno, sankafuna n'kutchula komwe dzina lake. Keith Mlevhu anamwalira mu 1988, Paul Ngozi mu 1989 ali ndi zaka 40. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH, Jagari yekha ndiye anatsala. Anaphunzitsako sukulu, kenaka anakalowa m'tchire kukakumba miyala yamtengo wapatali. Ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi.

Kaseti itamasula Amalawi

Ufulu wodzipangira chimbale unafika ku Malawi mochedwa ndi zaka pafupifupi 20, ndipo unabwera pa kaseti. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band, gulu limene linayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, anatsegula situdiyo imene inajambula oyimba ambiri amene MBC sikanawalabadira. Lamulo la kavalidwe linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu, ndipo m'nyengo yomweyo Lucius Banda anatulutsa Son of a Poor Man. Sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inkagula nyimbo kwa oyimba, kudinda makaseti ndi kuwafalitsa kudzera mwa mavenda. Bungwe la COSOMA, limene linayamba ntchito mu 1992, linkayesa kuthana ndi okopera mwakuba pomata zizindikiro zake pa makaseti ovomerezeka. Ku Lilongwe, m'mbali mwa msewu wa Malangalanga ndi kuzungulira msika waukulu, mabenchi a makaseti ankapikisana mawailesi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Koma pofika nthawiyo mkwiyo wa achinyamata unali utapeza kale chovala china. Unatuluka mu reggae ya ku Balaka ndi ya ku Chileka, makamaka m'mawu a Evison Matafale, amene anamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu November 2001. Situdiyo zambiri zinkadalira kiyibodi imodzi yokhala ndi ng'oma zake momwemo, chifukwa zinali zotchipa kuposa kulipira woimba ng'oma, wa besi ndi wa gitala. Rock ndi metal zimafuna anthu anayi kapena asanu, chipinda choyeserera kumene anansi sadandaula, ndi magetsi osathimathima. Mpando umene ku Zambia unakhalidwa ndi gitala yaukali, kuno unakhalidwa ndi reggae, nyimbo zauzimu, kenaka hip hop.

Kuuka kwa zimbale zakale

Zimbale za Zamrock zinagona m'makatoni ndi m'madenga kwa zaka zoposa 20. Matepi oyambirira ambiri anatayika. Amene anazifukula anali osunga nyimbo a kunja, makamaka Eothen Alapatt wa kampani ya Now-Again ku Los Angeles, amene anagwira ntchito ndi Rikki Ililonga ndi Jagari. Mu 2010 anatulutsa Dark Sunrise, mu 2012 bokosi la zimbale za WITCH, ndipo mu 2017 magawo awiri a Welcome to Zamrock! Wolemba wa ku Zambia, Leonard Koloko, anasonkhanitsa mbiri za oyimbawa m'buku la Zambian Music Legends. Filimu ya Gio Arlotta yonena za Jagari inatuluka mu 2019, ndipo WITCH inayambiranso, Jagari ali limodzi ndi Patrick Mwondela wa kiyibodi ndi oyimba achinyamata a ku Ulaya. Anatulutsa Zango mu 2023 ndi Sogolo mu 2025.

Achinyamata nawo anatola. Sampa the Great anaimba ndi WITCH pa chimbale chake cha 2022. Travis Scott anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz mu 2023. Mu October 2024, Tyler, the Creator anatulutsa "Noid", yomangidwa pa mawu a Paul Ngozi a mu "Nizakupanga Ngozi", ndipo chimbale chake cha Chromakopia chinakhala pa nambala 1 ku America. Anthu ambiri ankafunsana pa intaneti kuti chinenero chimenechi n'chiti, ndipo omasulira anali ana a ku Lusaka, Chipata, Lilongwe ndi Blantyre.

Nanga nthano? Amene aonetsa njira m'chigawo chino ndi a ku Botswana. Gulu la Skinflint la ku Gaborone, la Giuseppe Sbrana ndi Kebonye Nkoloso, limaimba metal ya magitala okoma ngati ya Iron Maiden, koma m'malo mwa zinjoka za ku Ulaya limasimba za mizukwa, asing'anga ndi nkhondo zakale za mu Africa, m'zimbale monga Iklwa cha 2010, Dipoko cha 2012 ndi Chief of the Ghosts cha 2016. Ku Ghanzi, m'chipululu cha Kalahari, gulu la Overthrust limachititsa chikondwerero cha metal chaka ndi chaka, ndipo wolemba Edward Banchs anafotokoza magulu oterewa m'buku la Heavy Metal Africa mu 2016.

Nkhokwe ya Achewa pa nkhani zotere ndi yodzaza, ndipo mbali yaikulu ili m'boma la Lilongwe lomwe. Ku mapiri a Dzalanyama kuli Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba anatsikira n'kusiya mapazi pa thanthwe. Kufupi ndi kumeneko kuli Msinja, kachisi wa Makewana, mayi wa mvula, ndi njoka yake Thunga. Kumwera kuli Mbona wa ku Khulubvi, amene anadulidwa mutu magazi ake n'kusanduka mtsinje, ndi Napolo amene anthu amati anagumula phiri la Zomba mu 1946 ndi la ku Phalombe mu 1991. Steve Chimombo anatenga Napolo ndi Mbona n'kuwaika mu ndakatulo ndi m'masewero pa nthawi imene kunena zoona poyera kunali koopsa, ndipo Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zilombo zoposa zimene wojambula chikuto cha chimbale angathe kuzimaliza. Zida zimene Mlevhu ankazisowa tsopano zimakwana m'chikwama cha mwana wa sukulu, situdiyo zili m'zipinda zogona ku Area 47 ndi ku Area 49, ndipo zimbale zonse za Ngozi Family zimene zinatulutsidwanso zikupezeka pa foni kwa aliyense amene wagula bandulo.